Denga la silabu ku Chalala: tiike feliti wowotcha kapena membrane?

Mayi wa ku Chalala analemba:

Moni kwa nonse. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo nkhani imene ndabwera nayo ndi ya denga lenileni, choncho ndikupempha nzeru kwa amene anakumanapo ndi vuto ngati langali. Ine ndi amuna anga tinamanga nyumba ku Chalala, mu Lusaka, ndipo m'malo mofolera ndi malata tinathira silabu ya konkire pamwamba, ya mamita 12 m'litali ndi mamita 9 m'lifupi, poganiza kuti ana akadzakula, ndalama zikadzapezeka, tidzamange zipinda zina pamwamba pake. M'mphepete monse muli kakhoma ka mizere itatu ya mabuloko, ndipo madzi amatsikira m'mapaipi awiri okha, onse ali kumbuyo kwa nyumba.

Tinalowamo dzinja lapitali lisanayambe. Mvula ya Novembala ndi Disembala inadutsa popanda chodandaula, koma mu Januwale, pamene kunagwa mvumbi wa masiku angapo osalekeza, pakona ya chipinda cha ana panayamba kuda, kenako penti inatukumuka n'kuyamba kusupuka, ndipo tsiku lina m'mawa tinapeza madontho akulendewera pafupi ndi pamene pali babu. Amuna anga atakwera pamwamba anapeza chithaphwi chachikulu pakati pa silabu, madzi ake ofika pafupi ndi akakolo, pamene mapaipi aja ali gwa, ouma, ngati kuti mvula sinagwe n'komwe.

Taitana amisiri awiri. Woyamba akuti tiike feliti wa phula wowotcha ndi moto wa gasi, amene iye akumutchula kuti torch-on, wochindikala mamilimita 4, kenako apake penti ya siliva pamwamba. Wachiwiri akuti feliti ndi wachikale, amasweka ndi dzuwa, ndipo masiku ano anthu ozindikira akuika membrane. Chimene chandisokoneza n'chakuti mtengo wa mmisiri wachiwiriyu ndi wotsika kwambiri kuposa wa woyamba, pamene zimene ndinawerenga pa intaneti zikunena kuti membrane ndi yodula kuposa feliti ndipo imakhalitsa kuposa feliti. Ngati chinthu chili chabwino kuposa chinzake, chikutsika mtengo bwanji?

Ndiwonjezere kuti tikufuna kuika thanki ya madzi ya malita 5,000 pamwamba pomwepo, pamodzi ndi masola, popeza tonsefe tikukumbukira mmene magetsi anavutira mu 2024 madzi atatsika ku Kariba. Tili mu Ogasiti tsopano, ndipo ndikufuna ntchitoyi ithe mvula isanayambe. Kodi tisankhe chiti, ndipo n'chiyani chimene tiyenera kuyang'anitsitsa kuti ndalama zathu zisapite m'madzi?

Mmisiri wopuma ntchito, Chilenje, anayankha:

Mayi, mwachita bwino kufunsa musanapereke ndalama, chifukwa safunsa anadya phula, ndipo pankhani yanuyi phulalo ndi lenileni. Ndagwira ntchito yomanga zaka zambiri muno mu Lusaka, ndipo ndikukhulupirira kuti ndazindikira pamene pagona kusokonezeka kwanu. Mawu akuti membrane amatanthauza zinthu zosiyana malinga ndi amene akuwatchula. Zimene munawerenga pa intaneti zikunena za chinsalu chachikulu cha labala kapena cha pulasitiki, chimene amachitcha EPDM, PVC kapena TPO, chimene chimayalidwa padenga lonse n'kumatidwa ndi guluu kapena kulumikizidwa ndi mpweya wotentha. Koma mukapita m'masitolo a zomangira ku Kamwala n'kunena kuti mukufuna membrane, kawirikawiri adzakupatsani kansalu koyera kopyapyala ka poliyesitala, kokulungidwa ngati bandeji, kamene kamamatidwa ndi penti yochindikala ya acrylic. Ndikukayikira kwambiri ngati mmisiri wanu wachiwiriyo akunena za labala. Mtengo wake ukusonyeza kuti akunena za kansalu ndi penti. Mufunseni akuonetseni chidutswa, muchigwire ndi manja anu.

Kansalu ndi penti imeneyo si zoipa ayi, zili ndi ntchito yake. Ndi zabwino pamwamba pa kakhoma, polumikizira malata ndi khoma, ndi pamitu ya misomali, ndiye kuti pamalo pamene madzi amangodutsa osaima. Koma penti yosungunulira ndi madzi ikakhala pansi pa chithaphwi kwa masiku angapo imafewa, imatukumuka, ndipo pamapeto pake imasendeka ngati khungu la mbatata yophika. Padenga longa lanulo, limene mwanena nokha kuti madzi amaima mpaka pa akakolo, kumeneko n'kungotaya ndalama.

Akamati feliti ndi wachikale, pali choonadi pang'ono. Feliti amene tinkaika kale anali pepala lolimba loviikidwa m'phula, tinkasungunula phula mumgolo pamoto wa nkhuni n'kumakwera nalo padenga m'zidebe, ndipo tinkayala mizere iwiri kapena itatu yosanjikizana. Ameneyo ankaumadi ndi dzuwa n'kung'aluka pakapita zaka zingapo. Torch-on ndi chinthu china, ngakhale kuti dzina la feliti linamukakamira. Phula lake ndi losakanizidwa ndi pulasitiki kapena labala kuti lisaume msanga, ndipo mkati mwake muli ulusi wa poliyesitala umene umalola kuti atamuke pang'ono konkire ikamafutukuka ndi kutentha n'kumabwerera ndi kuzizira. Pali mitundu iwiri, wa APP, wosakanizidwa ndi pulasitiki, ndi wa SBS, wosakanizidwa ndi labala, ndipo kuno kwathu kumene Okutobala amaotcha chonchi ine ndimakonda wa APP chifukwa safewa msanga ndi dzuwa, pamene wa SBS ubwino wake waukulu ndi wosauma gwa m'mayiko ozizira kwambiri.

Mpukutu umodzi nthawi zambiri umakhala mita imodzi m'lifupi ndi mamita 10 m'litali, koma musawerengere kuti uphimba malo onsewo, chifukwa mipukutu imaluphatikizana masentimita 8 mpaka 10 m'mbali ndi masentimita 15 kumapeto. Denga lanu ndi masikweya mita 108, choncho pansi pokha pakufunika mipukutu pafupifupi 12, ndipo kukwera pakakhoma kozungulira, kamene ndi mamita 42, kudya ina iwiri. Mmisiri akakuuzani kuti mipukutu 11 ikwanira, dziwani kuti akufuna kuchepetsa polumikizira kapena sakufuna kukwera pakhoma, ndipo malo awiri amenewo ndi amene madenga ambiri amathonyera.

Koma ndikupempheni chinthu chimodzi, musayambe ndi kusankha pakati pa feliti ndi membrane. Yambani ndi chithaphwicho. Denga limene timalitcha lathyathyathya siliyenera kukhala lathyathyathya kwenikweni, liyenera kupendekera kumene kuli mapaipi. Muyeso wotsikitsitsa umene omanga amavomereza ndi 1 pa 80, kutanthauza kuti pa mita iliyonse denga litsike sentimita imodzi ndi kachidutswa, ndipo ngati madzi anu onse akupita kumbuyo kudutsa mamita 9, kutsogolo kuyenera kukwera masentimita 11 kapena kuposerapo poyerekeza ndi pakamwa pa paipi. Zimenezi zimakonzedwa pothira sikiridi, kutanthauza simenti ndi mchenga wa kumtsinje, woyezedwa bwino ndi chingwe ndi levulo. Mukatero mudikire kuti aume mpaka mkati. Pano m'pamene ambiri amalephera kudekha. Mukawotchera feliti pa sikiridi wosauma, chinyezi chimatsekeredwa pansi, ndiye dzuwa la Okutobala likawomba chimasanduka nthunzi n'kukankha felitiyo, ndipo mumaona matuza akuluakulu ngati mbale yovundikira, amene mukawaponda amachita ngati mukuponda chikwama cha mpweya. Pofuna kudziwa ngati pauma, timamata kapepala ka pulasitiki pansi ndi tepi mbali zonse madzulo, ndipo m'mawa tikapeza mame kunsi kwake timadziwa kuti nthawi sinakwane. Mwayi wanu ndi wakuti muli mu Ogasiti, kunja kuli mphepo ndiponso kouma. Mukathira sikiridi mwezi uno, kumapeto kwa Sepitembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala mukhoza kuika feliti mtima uli m'malo.

Pomwe pansi pakumanirana ndi kakhoma asasiye ngodya yakuthwa. Aikepo kamtumbira ka simenti kopendeketsa kuti feliti akwere mosapindika mwamphamvu, akwere masentimita osachepera 15, ndipo m'mphepete mwake alowetsedwe m'kangalande kogobedwa m'khoma kapena aphimbidwe ndi lata lopinda. Asaiwalenso kupaka pulaimala wa phula, penti yoyamba yothandiza feliti kumamatira, asanayambe kuwotcha, popeza fumbi la simenti limalepheretsa feliti kugwira. Pamene akugwira ntchito kwerani nokha mukaone. Polumikizira pabwino pamaoneka kamzere ka phula losungunuka kotuluka m'mphepete mofanana kuyambira koyambira mpaka kumapeto. Pamene palibe kamzereko moto sunafike, ndipo pamene pachita kupserera n'kuonekera ulusi moto unapitirira.

Bambo wa ku Ibex Hill anayankha:

Ndikugwirizana ndi zambiri zimene anena abambo a ku Chilenje, makamaka pa nkhani ya kupendekeka kwa denga, koma ndikuona kuti membrane yeniyeni sanaiyankhulire mokwanira, choncho ndiloleni ndiikire kumbuyo, popeza ndi imene ili padenga la nyumba yanga.

Ine ndinayamba ndi torch-on, ndipo sindinganene kuti anali woipa. Chimene chinandigonjetsa ndi penti ya siliva ija. Phula likakhala poyera limadyedwa ndi dzuwa, ndipo Lusaka ali pamtunda wa mamita oposa 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere, kotero dzuwa lathu ndi laukali kuposa mmene kamphepo kathu kamatinamizira. Pentiyo imafunika kubwerezedwa pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo kunena zoona ndi ochepa mwa ife amene amakumbukira kukwera padenga pamene silikuthonya. Ine ndinaiwala kwa zaka zingapo, ndipo tsiku limene ndinakwera ndinapeza feliti yense atachita timing'alu ngati msana wa ng'ona, polumikizira pena patayamba kutukuka. Cholakwa chinali changa, osati cha feliti, koma chinandiphunzitsa kuti posankha zofolera munthu aziganiziranso khalidwe lake lomwe.

Nditafuna kukonza ndinasankha EPDM. Ameneyu ndi labala wochindikala pang'ono kupitirira milimita imodzi, wofanana ndi chubu cha tayala la galimoto, ndipo wakhala akugwiritsidwa ntchito pamadenga kuyambira m'zaka za m'ma 1960. Ubwino wake waukulu ndi wakuti amabwera m'zinsalu zazikulu, kotero polumikizira pamakhala pochepa kwambiri, pamene denga la Mayiwa likaikidwa feliti lidzakhala ndi mizere yolumikizira yopitirira mamita 100 ikaphatikizidwa yonse. Safuna moto pomuika, safuna penti, amatamuka kwambiri osang'ambika, ndipo akaikidwa bwino amatha zaka 30 kapena kuposerapo, pamene torch-on wosamalidwa bwino amawerengeredwa zaka 15 mpaka 20.

Koma ndisakunamizeni kuti zonse zinayenda mosavuta. Choyamba, ndinadikira nthawi yaitali kuti katunduyo afike kuchokera kunja, ndipo mtengo wake unkasintha malinga ndi mmene kwacha ikuchitira ndi dola. Chachiwiri, anyamata amene anabwera kudzaika masola anakoka chitsulo chakuthwa padengapo n'kuboola malo awiri, ndipo nditafuna wokonza ndinapeza kuti amisiri odziwa torch-on ali paliponse, kuyambira ku Kalingalinga mpaka ku Matero, koma wodziwa kumata labalayu ndi guluu wake ndi tepi yake ndi wosowa. Mmodzi anabwera ndi botolo la gasi ndi chidutswa cha feliti, akufuna kuwotchera pa labala, ndipo ndikanapanda kukhalapo tsiku limenelo bwenzi ataononga malo aakulu kuposa bowo limene anabwerera. Mudziwenso kuti labala ameneyu sagwirizana ndi mafuta, kaya dizilo, oyilo kapena girizi, chifukwa amamufewetsa n'kumutupitsa, choncho si pamalo poika jenereta. Ndiponso ndi wakuda, kotero masana a Okutobala simungamuponde opanda nsapato, ndipo kutentha kumeneko kumalowa m'konkire n'kumatuluka usiku m'zipinda zogona. TPO ndi PVC zimapezeka zoyera ndipo zimabweza dzuwa, koma zimafuna makina olumikizira ndi mpweya wotentha, amene ndimawaona kwambiri ndi makampani ofolera nyumba zikuluzikulu zamalonda kusiyana ndi amisiri a nyumba zathuzi. Amene akufuna kuyala PVC pamwamba pa feliti wakale adziwe kuti ziwirizi siziyenera kukhudzana, phula limaiumitsa, ndipo pamafunika nsalu yolekanitsa pakati.

Ngakhale zili choncho, ine sindinong'oneza bondo. Ngati Mayiwa akanakhala kuti sadzamanganso pamwamba ndipo padengapo sipadzayenda anthu, ndikanawalimbikitsa kuti apirire mtengo agule labala.

Mayi wogwira ntchito ya uinjiniya, Woodlands, anayankha:

Abambo awiriwa afotokoza bwino za zofolera, koma ine chimene chandiimitsa mtima m'funso lanu, Mayi, ndi thankiyo. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, kotero thanki ya malita 5,000 ikadzaza ndi matani asanu, ndipo kulemera konseko kumakhala pa kamalo kosapitirira mamita awiri m'mimba mwake. Silabu ya nyumba wamba siikonzedwa kuti isenze katundu wotero pakati pa chipinda. Mwanenanso kuti chithaphwi chili pakati pa silabu, ndipo zimenezo zikhoza kutanthauza kuti othira konkire sanasalaze bwino, komanso zikhoza kutanthauza kuti silabuyo inawerama pang'ono, mwina chifukwa anachotsa mitengo yochirikiza konkire isanakhwime, pamene konkire imafuna masiku 28 kuti ifike pa mphamvu imene timaiwerengera. Zinthu ziwirizi sizisiyanitsika pongoyang'ana ndi maso. Ndikukupemphani kuti musanathire sikiridi, amenenso ndi katundu wolemera, popeza sentimita iliyonse ya kuchindikala kwake imawonjezera makilogalamu pafupifupi 20 pa sikweya mita, muitane injiniya wolembetsedwa ku bungwe la mainjiniya la Engineering Institution of Zambia adzaone mapulani, kuchindikala kwa silabu ndi zitsulo zimene zinaikidwamo. Iyeyo ndi amene angakuuzeni pamene thanki ingakhale, ndipo kawirikawiri pamakhala pamwamba pa mzati kapena pamene makoma awiri olimba akumana. Mwinanso adzakuuzani kuti ndi bwino kuimangira nsanja yakeyake yachitsulo pambali pa nyumba, monga mmene ambiri a ku Chalala amachitira. Funso lomweli lidzabweranso mukadzafuna kumanga zipinda zapamwamba, pamene mudzafunikenso chilolezo cha khonsolo ya mzinda.

Nkhani yachiwiri ndi ya mapaipi. Milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi ya madzi, choncho mvula yamkuntho ya mamilimita 30, imene si yachilendo kuno mu Januwale ndi Febuluwale, imathira malita oposa 3,200 padenga lanulo, mwina m'kati mwa ola limodzi. Popeza kakhoma kazungulira mbali zonse, denga lanu lili ngati beseni, ndipo mapaipi awiriwo akatsekeka ndi masamba a mango kapena maluwa a jakaranda amene amayoyoka mu Okutobala, madzi alibe kolowera. Madzi akuya masentimita 10 amalemera makilogalamu 100 pa sikweya mita iliyonse, ndipo padenga lonse ndi matani oposa khumi. Booletsani kakhoma malo awiri kapena atatu, masentimita ochepa pamwamba pa feliti koma pansi pa pamene feliti wathera kukwera, muikemo timapaipi tolavulira kunja, kuti mapaipi akuluakulu akatsekeka madzi apeze potulukira ndipo inu muone msanga kuti kumwamba kwavuta. Pakamwa pa paipi iliyonse pakhale potsika pang'ono kuposa malo ozungulira, chifukwa ndaonapo madenga ambiri amene paipi inatsala yotumphuka sentimita imodzi kapena ziwiri, madzi n'kumazungulira osalowa, ndipo mmene mwafotokozera mapaipi anu ouma aja ndikuganiza kuti ndi zimene zikuchitika kwanu.

Pa funso lanu lenileni, ine ndikanakhala inu ndikanasankha torch-on wa mamilimita 4, osati chifukwa chakuti amaposa labala pa kukhalitsa, koma chifukwa cha mmene mukufunira kugwiritsa ntchito dengalo. Padzayenda oika masola, padzayenda otsuka masolawo fumbi la Ogasiti ndi Sepitembala likawakuta, ndipo feliti wochindikala amapirira mapazi ndi zida kuposa chinsalu chopyapyala cha labala. Akabooka, wokonza mumpeza tsiku lomwelo. Komanso ngati zipinda zapamwamba zidzamangidwe m'zaka khumi zikubwerazi, kulipirira chofolera cha zaka 30 n'kugula zaka zimene simudzazidya. Pofuna kupewa vuto limene anakumana nalo abambo a ku Ibex Hill, funsani feliti wokhala ndi timiyala tating'onoting'ono pamwamba, makamaka toyera kapena totuwa, chifukwa timiyalato timateteza phula ku dzuwa ndipo safuna kupakidwa penti kawirikawiri.

Dongosolo la ntchito likhale lotere, kuti zonse zoboola kapena zomangirira pa silabu zichitike feliti asanaikidwe. Timizati ta konkire tokhazikapo miyendo ya masola timangidwe poyamba, mapaipi a mawaya ndi a madzi adutsiretu, kenako feliti akwere kuzungulira chilichonse cha zimenezi monga mmene akwerera pakakhoma. Munthu asadzabwere pambuyo pake ndi chobowolera n'kumanga mabawuti kudutsa feliti, ngakhale atalonjeza kuti amata ndi silikoni. Ntchito ikatha, tsekani mapaipi, dzazani madzi akuya masentimita asanu, muwasiye masiku awiri mukuyang'ana kudenga kwa zipinda zonse, ndipo gawo lomaliza la malipiro lidikire mayeso amenewa. Ngati mukulemba kampani, muone ngati ili ndi satifiketi ya bungwe loyang'anira makampani omanga la National Council for Construction, ndipo chitsimikizo cha ntchito chilembedwe papepala, chonena zaka zake ndi zimene inu muyenera kumachita kuti chisafe.

Mayi wa ku Chalala analembanso:

Zikomo kwambiri nonse atatu chifukwa chopatula nthawi yanu. Dzulo madzulo ndinapempha mmisiri wachiwiri uja kuti abwere ndi chidutswa cha membrane yakeyo, ndipo anatulutsa m'chikwama kansalu koyera kokulunga ndi chitini cha penti, ndendende mmene ananenera abambo a ku Chilenje. Sindinganene kuti ankafuna kutinamiza, popeza iye dzina limene amakadziwira kansaluko ndi lomwelo, koma tamuuza kuti mwina tidzamufuna pa ntchito ya pamwamba pa kakhoma pokha. Amuna anga anakweranso ndi levulo ndipo apeza kuti pakamwa pa mapaipi onse awiri ndi pokwera kuposa pakati pa silabu. Za thanki tagwirizana kuti tiyambe taonana ndi injiniya sabata ino.

Ndatsala ndi mafunso awiri. Mmisiri woyamba uja akuti mzere umodzi wa feliti wa mamilimita 4 ndi wokwanira, koma mlamu wanga akuti kwawo anaika mizere iwiri yosanjikizana. Kodi wachiwiriwo ndi wofunikadi, kapena n'kungowonjezera ndalama? Chinanso, kodi penti yotukumuka ya m'chipinda cha ana tingaikonze tsopano, kapena tidikire?

Mmisiri wopuma ntchito, Chilenje, anayankhanso:

Mayi, mzere umodzi wa mamilimita 4 umagwira ntchito, ndipo madenga ambiri muno ali ndi umodzi womwewo, koma umadalira kwathunthu dzanja la amene wagwira moto, chifukwa akaphonya malo amodzi polumikizira palibe china chotchinga madzi kunsi kwake. Mizere iwiri, wapansi wa mamilimita 3 ndi wapamwamba wa mamilimita 4 wokhala ndi timiyala, imayalidwa mosemphanitsa kuti polumikizira pa wapamwamba pagwere pakati pa mpukutu wapansi, ndiye cholakwika cha mzere umodzi chimaphimbidwa ndi unzake. Ngati thumba likulola, chitani zimenezo. Ngati silikulola, musachepetse pa sikiridi kuti mupeze ya mzere wachiwiri. Ikani mzere umodzi padenga lonse, koma muwirikize pamalo ovuta okha, kutanthauza m'makona onse anayi, m'mphepete mwa kakhoma, pozungulira pakamwa pa mapaipi ndi pozungulira timizati ta masola, ndipo zimenezi zingakudyereni mipukutu iwiri kapena itatu yowonjezera. Musanathire sikiridi, yang'ananinso pamwamba pa silabu pamalo oyang'anizana ndi kona ya chipinda cha anayo. Ndikuyembekezera kuti mupezapo mng'alu wopyapyala ngati ulusi pamene silabu yakumana ndi kakhoma, ndipo umenewo aukulitse pang'ono ndi chopukusira n'kuutseka asanaufotsere.

Popeza kakhomako ndi ka mabuloko, kumbukiraninso kuti madzi amatha kulowera pamwamba pake n'kutsika m'kati mwa mabowo a mabuloko, kudutsa kuseri kwa feliti, n'kukatulukira m'chipinda ngati kuti denga ndi limene lathonya. Pamenepo ndi pamene kansalu ndi penti ya mmisiri wanu wachiwiri zigwire ntchito yake, kapena muikepo zivundikiro za konkire zopendekera mkati. Tsiku lowotcha pakhale chozimira moto padenga pomwepo, botolo la gasi liime chilili kutali ndi lawi, ndipo mapaipi a pulasitiki awatchinge ndi lata kuti asapindike ndi kutentha.

Za chipinda cha ana, palani penti yonse yotukumukayo tsopano mpaka pulasitala aonekere, mutsuke chuku ngati chilipo, ndipo muzitsegula mawindo masana onse kuti mphepo ya mwezi uno iumitse. Musapake penti yatsopano chaka chino. Konkire yonyowa imatenga miyezi kuti iume, ndipo feliti akaikidwa pamwamba chinyezi chotsalacho chidzatulukira kunsi kokha, m'chipindamo. Pasiyeni poyera dzinja lonse, mujambule ndi pensulo malire a pamene pada lero, ndipo muziyang'ana mvula ikagwa ngati banga likudutsa mzerewo kapena likubwerera m'mbuyo. Mukafika mu Meyi pali pouma, pakani penti yanu.